Mphunzitsi ndi Lamya Yake: Kusankha Zipangizo Zamakono Zoyenera Sukulu za ku Mulanje

MAU OYAMBA

Mphunzitsi wa kale potuluka m'koleji ankanyamula sutikesi, nyali ya galasi, buku lolembamo chikonzero cha phunziro ndi cholembera chofiira. Mphunzitsi wa lero, kuonjezera pa zimenezi, amakhala ndi lamya ya m'manja, imene tonse tinazolowera kuitchula kuti foni. Kachipangizo kameneka ndiko wotchi yake, tochi yake, wailesi yake, chikwama chake cha ndalama, ndipo kwa ena ndiko nkhokwe ya mabuku. Pa chifukwa chimenechi, kusankha foni ndi zoikamo zake ndi mbali imodzi ya kukonzekera ntchito ya uphunzitsi, monga momwe kuliri kusankha buku kapena kukonza tchati.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa inu amene muli pa maphunziro a uphunzitsi pa zifukwa zitatu. Choyamba, ndalama zanu ndi zochepa, ndipo foni yosankhidwa mopupuluma ikhoza kukulowetsani m'ngongole chaka chanu choyamba cha ntchito chisanathe. Chachiwiri, nthawi ya ana m'kalasi ndi yowerengeka, ndipo chipangizo chogwiritsidwa ntchito mosaganiza chimaba nthawiyo. Chachitatu, mbiri ya mphunzitsi masiku ano ikhoza kuonongeka ndi uthenga umodzi kapena chithunzi chimodzi.

Zimene talemba pano ndi maganizo athu, ochokera pa zimene timaona poyendera ophunzira athu m'sukulu za m'boma la Mulanje, ndiponso pa zipangizo zimene ife eni timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Sitikusankhirani dzina la foni, pakuti mitundu ndi mitengo imasintha chaka chisanathe. Tikupatsani mafunso oti muzidzifunsa musanatulutse ndalama, ndi njira zoti chimene mwagulacho chithandize mwana.

KUMENE TACHOKERA

Wailesi ndiyo inayamba kulowa m'kalasi la ku Malawi foni isanabwere. Wailesi ya MBC inayamba ntchito yake m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka zambiri inkaulutsa maphunziro a sukulu. M'chaka cha 2008 kunayamba pulogalamu ya Tikwere, imene inkaphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kwa mphindi 30 pa tsiku. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, amene ankathanso kulira ndi mphamvu ya dzuwa. Amene anasankha mawailesi amenewo anayamba adzifunsa kuti, "Kodi sukulu yopanda magetsi ndiponso yopanda ndalama zogulira mabatire idzamvera bwanji?" Funso limenelo ndilo maziko a phunziro lathu lonse.

Lamya za m'manja zinafika pambuyo pake. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Ya Celtel inayamba mu 1999, inasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Kutumiza ndalama pa foni kunayamba ndi Airtel Money mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM anatsatira mu 2013. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a m'dziko muno linali ndi foni, banja limodzi mwa atatu linali ndi wailesi, ndipo banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi 9 ndilo linkaunikira ndi magetsi. Mafoni anachuluka msanga kuposa malo otchajira.

Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, ana ambiri a kumudzi amene anapitiriza kumva phunziro analimva pa wailesi, ngakhale panalinso maphunziro ena a pa intaneti. Ndipo m'chaka cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500 zoyamba, yopereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. M'matabuletimo muli maphunziro a kuwerenga ndi masamu okonzedwa ndi bungwe la onebillion, ndipo safuna intaneti kuti mwana aphunzire.

Mbiri yonseyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Zipangizo zimene zathandiza sukulu za kumudzi ndi zimene zinayenerana ndi malo ake.

MAFUNSO ANAYI OFUNSA MUSANAGULE

1. Kodi ndidzatchaja kuti?

Magetsi a ESCOM amapezeka kwambiri m'mbali mwa mseu waukulu, pa Boma, pa Chitakale mpaka ku Muloza, ndi m'malo ena a malonda. Ku Bondo bungwe la MEGA linayamba kupanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya m'zaka za m'ma 2010. Komabe nyumba zambiri za aphunzitsi zilibe magetsi, ndipo ngakhale kumene aliko satsimikizika. Namondwe wa Ana mu January 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa mitengo ya magetsi, anadula milatho ndi miseu m'boma lino, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. M'masiku otere, foni yothandiza inali imene inasunga moto.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Batire la foni yamakono lolembedwa 5,000 mAh limasunga mphamvu yokwana pafupifupi mawati 19 kwa ola limodzi. Kasola kolembedwa mawati 10 sikapereka mphamvu yonseyo kufoni, pakuti ina imatayika m'njira, kotero kuti pamafunika maola 3 kapena 4 a dzuwa loswa mtengo kuti batirelo lidzaze. Nanga m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chimaphimba phiri masiku angapo otsatizana? Pamenepo kasola kamangolawitsa foni.

Chifukwa chake ife timasunga mafoni awiri. Yoyamba ndi ya mabatani, yotsika mtengo, yokhala ndi tochi ndi wailesi, imene imasunga moto masiku angapo. Imeneyi ndi ya kuimba, ya uthenga ndi ya ndalama. Yachiwiri ndi yamakono, imene timaiyatsira intaneti pa nthawi yoikika, kawiri pa tsiku. Ngati thumba lanu lingakwanitse imodzi yokha, yang'anani kukula kwa batire musanayang'ane kukongola kwa kamera.

2. Kodi netiweki imagwira kumene ndikupita?

Mafunde a lamya sadutsa m'thanthwe. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi zigwa ndi makwawa ambiri m'munsi mwake, kotero kuti kampani imene imagwira bwino pasukulu ina ikhoza kusowa pasukulu ya kuseri kwa chitunda. Musadalire chikwangwani cha pamsika. Funsani aphunzitsi amene ali kale pasukulu imene mwatumizidwa, pakuti safunsa anadya phula. Foni yolowa makhadi awiri imathandiza pa vuto limeneli.

Amene mudzaphunzitse kufupi ndi malire, monga ku Muloza ndi ku Limbuli, dziwani kuti foni ikhoza kudzigwirira yokha netiweki ya ku Mozambique, ndipo mtengo wa kuimba umakhala wina. Lowani m'makonzedwe a foni yanu ndi kusankha netiweki ndi dzanja, osaisiya kuti izisankha yokha. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2018 khadi lililonse la foni liyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Lembetsani m'dzina lanu, osati la mbale wanu, kuti likatayika mudzathe kubwezeretsa nambala ndi ndalama zanu.

3. Kodi ikaonongeka ndidzakonzetsa kuti?

Zimene zimayamba kuonongeka pa foni ndi zitatu: galasi, pobayira chingwe chotchajira, ndi batire. Musanagule, pitani kwa okonza mafoni apafupi ndi kufunsa kuti ndi mitundu iti imene zipangizo zake zimapezeka msanga, ndipo galasi lake ndi ndalama zingati. Mitundu yofala m'misika yathu, monga itel, Tecno ndi Samsung, kawirikawiri siivuta kupezera zipangizo. Foni yachilendo imene m'bale wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg ikhoza kukhala yabwino koposa, koma galasi lake likasweka mudzadikira miyezi.

Pa mafoni a kaunjika ndi ogula kwa munthu, kumbukirani chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Bayani *#06# kuti muone nambala ya foniyo, ndipo muiyerekeze ndi yolembedwa pabokosi. Lowani m'kati muone ngati malo osungira zinthu ndi ofanana ndi amene wogulitsa akunena. Imbani, jambulani mau, tchajani pomwepo. Pomaliza, landirani risiti yokhala ndi dzina la wogulitsa. Mphunzitsi wopezeka ndi foni yobedwa amavutika kufotokozera apolisi, makolo ndi ana omwe.

Boma lino limalandira mvula yambiri, ndipo chinyezi pamodzi ndi fumbi la choko ndi adani a foni. Kathumba ka pulasitiki kouma ndi chikuto cha mphira zimatalikitsa moyo wake pa mtengo wochepa.

4. Kodi idzandidyera zingati zonse pamodzi?

Walira mvula walira matope. Mtengo wa pasitolo ndi chiyambi chabe, pakuti pambuyo pake pali mayunitsi, bandulo, kutchajitsa ndi kukonzetsa. Tiyerekeze kuti foni ina ndi ya K120,000 ndipo yatha pa chaka chimodzi, pamene ina ndi ya K210,000 ndipo yakhala zaka 3. Yoyambayo yakudyerani K10,000 pa mwezi, pamene yachiwiriyo yakudyerani ndalama zosakwana K6,000 pa mwezi. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, koma njira yake ndi imeneyo: gawani mtengo ndi miyezi imene chinthu chidzakutumikireni.

Mafoni onse amachokera kunja, motero mtengo wake umatsata mphamvu ya kwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya mafoni inakwera. Ichi ndi chifukwa china chosamalira imene muli nayo. Pa mafoni olipira pang'onopang'ono, amene amadzitseka mukalephera kulipira, phatikizani ndalama zonse zimene mudzapereke kufikira tsiku lomaliza, muziyerekeze ndi mtengo wogula kamodzi, kenaka mudzifunse chimene chidzachitike mwezi umene ndalama zanu zachedwa.

ZOIKA M'FONI

Foni ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi: ukalola mlendo aliyense, mwini nyumba amasowa pogona. Pulogalamu iliyonse tisanaiike timaifunsa mafunso atatu. Kodi imagwira ntchito popanda intaneti? Kodi imadya bandulo ndi malo ochuluka bwanji? Kodi ikupempha kuona chiyani m'foni mwanga? Pulogalamu ya tochi imene ikupempha kuona manambala a anzanu ndi mauthenga anu ili ndi cholinga china, ndipo muikane.

Zimene ife timasunga ndi zochepa. Choyamba ndi chowerengera mabuku a mtundu wa PDF, mmene timasungamo masilabasi ndi mabuku a mphunzitsi okonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi. Chachiwiri ndi dikishonale ya Chingerezi yogwira popanda intaneti. Chachitatu ndi Kiwix, pulogalamu yaulere imene imalola munthu kusunga mbali ya Wikipedia m'foni ndi kuiwerenga kopanda netiweki. Zina zonse zofunika, monga chojambulira mau, kamera, chowerengera masamu ndi wotchi, zimabwera kale ndi foni.

WhatsApp ndiyo njira imene aphunzitsi ambiri amalandirira uthenga wochokera kwa aphunzitsi aakulu, kwa a PEA ndi kwa anzawo a m'zoni, choncho nkovuta kukhala opanda. Koma muiweruze. Bandulo ya gigabaiti imodzi ili ndi mamegabaiti pafupifupi 1,000. Uthenga wolemba umadya pang'ono zedi, chithunzi chimadya moonjezerapo, koma kanema ndiye chilombo. Ngati kanema mmodzi ali ndi mamegabaiti 20, makanema 50 okha atha bandulo yonse, ndipo gulu limodzi la anthu okonda nthabwala likhoza kutumiza amenewo sabata isanathe. Tsekani kuti zithunzi ndi makanema zisamalowe zokha, muzisankha nokha zoti mutsegule. Pewaninso mitundu yosavomerezeka, monga GB WhatsApp, imene anthu amagawana pamsika. Eni WhatsApp amatha kutseka nambala yogwiritsa ntchito mitundu imeneyo, ndipo palibe amene angakutsimikizireni kumene mauthenga anu akupita.

Buku limodzi lisagulidwe ndi bandulo kakhumi. Mmodzi akalikopera kuchokera pa intaneti, ena alandire kudzera pa Bluetooth kapena pa khadi losungira zinthu. Tsiku la msonkhano ku TDC ndi tsiku labwino logawana zotere.

Amene muli ndi laputopu kapena mumagwiritsa ntchito kompyuta ya pasukulu, dziwani kuti Microsoft Word ndi yogula, ndipo makope obedwa amene anthu amaikirana nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi. LibreOffice ndi yaulere, yololedwa, ndipo imakwanira kulemba mayeso, ndandanda ya malikisi ndi kalata. Musanapite kukasindikiza, sungani pepala lanu ngati PDF, kuti mizere ndi zizindikiro za masamu zisasokonekere pa kompyuta ya eni sitolo.

Tinenepo za chilankhulo. Mafoni ambiri amakonza okha mau amene mukulemba, poganiza kuti mukulemba Chingerezi, ndipo mau a Chichewa amawapotoza. Zimitsani mbali imeneyo, ndipo werengani uthenga musanautumize kwa makolo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo mapulogalamu oyankha mafunso, monga ChatGPT imene inatuluka mu November 2022, amathanso kulemba Chichewa. Ndi othandiza poyambira, koma amaphonya. Liu lakuti "mtengo" limanena chomera ndiponso ndalama zogulira chinthu, ndipo "kulemera" kumanena katundu ndiponso chuma. Mwana wa Sitandade 3 amasiyanitsa zimenezi mosavuta, pamene makina nthawi zina amasokoneza. Mapulogalamu amenewa amathanso kupeka yankho labodza ndi kulinena molimba mtima. Sadziwa ana anu, sadziwa kuti ena kwawo amalankhula Chilomwe kapena Chiyao, ndipo sadziwa kuti mabuku ndi ochepa. Chilichonse chochokera kumeneko chiyesedwe ndi silabasi ndi buku la mphunzitsi chisanafike pabolodi.

Za mapulogalamu a juga ndi a ngongole za msangamsanga tingonena mwachidule: asapezeke m'foni ya mphunzitsi. Ndipo popeza foni imatayika, malikisi a ana ndi kaundula zilembedwenso m'buku. Chimene chili m'foni mokha chili pangozi.

FONI IMODZI, ANA AMBIRI

Kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, makalasi athu ndi odzaza. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 90, ndipo mukufuna kuti aliyense aone chithunzi pafoni kwa masekondi 20. Zimenezo ndi masekondi 1,800, ndiye kuti mphindi 30, phunziro lonse latha. Pamene mmodzi akuona, 89 akucheza. Galasi la foni linapangidwira maso awiri. Mau ndiwo amafika kwa onse nthawi imodzi, motero kasipika kotchaja ndi kothandiza m'kalasi kuposa foni yodula. Nazi njira zinayi zimene taziona zikugwira ntchito.

Yoyamba ndi phunziro la kumva. Pemphani agogo a m'mudzi kuti akusimbireni nthano, muwafotokozere chimene mudzachite ndi mau awo, ndipo akalola jambulani mphindi 3 zokha. M'kalasi yambani mwalemba mafunso atatu pabolodi ndi kuwerenga pamodzi ndi ana. Kenaka lizani nthanoyo koyamba osaidula. Lizaninso kachiwiri, mukuimitsa pamalo awiri kapena atatu ndi kufunsa kuti, "Mukuganiza kuti chichitike nchiyani?" Pomaliza ana akambirane awiriawiri ndi kuyankha mafunso aja. Njira yomweyi ndi yothandiza pa Chingerezi, pojambula anthu awiri akukambirana.

Yachiwiri ndi kudziyesa nokha. Ikani foni patebulo ijambule mau a phunziro lanu lonse, mutadziwitsa mphunzitsi wokuyang'anirani. Madzulo mverani muli ndi pepala. Werengani mafunso amene munafunsa, ndipo muone kuti ndi angati amene yankho lake linali "inde" kapena "ayi" chabe. Werengani atsikana ndi anyamata amene munawatchula. Yesani masekondi amene munadikira mutafunsa funso. Ophunzira athu ambiri amadabwa kumva kuti analankhula okha pafupifupi phunziro lonse, ndiponso kuti ankadziyankha okha mwana asanatsegule pakamwa. Mwa ntchito zonse za foni, imeneyi ndiyo timaiona yopindulitsa koposa kwa mphunzitsi watsopano, ndipo siidya bandulo. Mukatha kumvera, fufutani.

Yachitatu ndi kamera ngati kope la mphunzitsi. Popita kusukulu jambulani zimene zikukhudza phunziro: mizere ya tiyi yotsata chitunda, munda wa chinanazi, ngalande yokumbika ndi madzi, zipsera za zigumukire m'phiri, mbande za mkungudza wa Mulanje. Madzulo jambulani ndi dzanja patchati chachikulu, kapena bweretsani chinthu chenichenicho m'kalasi. Apa foni ikutumikira mfundo ya TALULAR imene munaphunzira, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo. Tsamba lenileni la tiyi m'dzanja la mwana limaposa chithunzi chake.

Yachinayi ndi masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku. Ana a Sitandade 7 ndi 8 amaona makolo awo akutumiza ndi kutapa ndalama kwa ejenti. Koperani pabolodi mitengo yeniyeni yolembedwa pakhoma la ejenti, ndipo ana apeze kuti kutapa ndalama kamodzi ndi kutapa kanayi kumasiyana bwanji. Akatero aphunzira kuchotsera ndi maperesenti, ndipo atengera kwawo nzeru yothandiza banja.

Mukatumizidwa kusukulu ya matabuleti, musaganize kuti nthawi imeneyo ndi yopuma. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti atchajidwa, kuti mwana aliyense walandira nthawi yake, kuti zomvera za m'makutu zikugwira, ndi kuyendayenda kuona amene waima pamalo amodzi. Zimene mwana wakanika patabuleti ndizo mudzabwereze pabolodi mawa lake.

Pa njira zonsezi lamulo ndi limodzi. M'chikonzero chanu lembani chimene mudzachite batire likatha. Mphunzitsi amene phunziro lake lafa chifukwa foni yazima anali asanakonzeke.

MWAMBO WA MPHUNZITSI PAFONI

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Chimene mwatumiza pafoni ndi mlomo umene subwerera. Taonani mfundo izi.

Musajambule ana ndi kuwaika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ndi cha aphunzitsi aakulu. Mwana wovala zong'ambika kapena wolemba zolakwika asasanduke choseketsa anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndi la Data Protection Act la 2024, amene amateteza anthu ku nkhanza za pa intaneti ndi ku kufalitsa za iwo mosaloledwa. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Musalemberane mauthenga a mseri ndi ophunzira, makamaka usiku. Uthenga wokhudza mwana upite kwa kholo lake kapena udzere ku ofesi.

Musalandire kapena kutumiza chilichonse chotchedwa mayeso obedwa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa atayamba kale, chifukwa mapepala anafalikira m'mafoni, ndipo ana a dziko lonse analembanso mu January 2021. Osalakwa anavutika pamodzi ndi olakwa. Pepala lotere likafika m'gulu lanu, dziwitsani akuluakulu.

Musapereke ntchito ya kunyumba yofuna foni. Mabanja ambiri alibe, ndipo kumene iliko nthawi zambiri imayenda ndi bambo kapena mayi. Ntchito yotere imalanga mwana chifukwa cha umphawi wa kwawo.

Nambala yanu ya chinsinsi musauze munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani kapena wa ku Unduna. Wolonjeza kukupezerani malo a ntchito kapena kukusamutsani mukatumiza ndalama ndi wakuba.

Pomaliza, m'kalasi foni ikhale chete ndiponso m'thumba, pokhapokha ngati ili m'chikonzero cha phunziro. Ana amaphunzira zimene timachita msanga kuposa zimene timanena.

NTCHITO YOTI MUCHITE

1. Kwa sabata imodzi lembani ndalama zonse zimene foni yanu yadya: mayunitsi, bandulo, kutchajitsa ndi kutapa ndalama. Chulukitsani ndi 52. Kodi ndi gawo lotani la ndalama zimene mumalandira pa chaka?

2. Lembani mapulogalamu onse a m'foni yanu m'magulu atatu: othandiza ntchito, othandiza moyo wanu, ndi ongodya nthawi. Fotokozerani mnzanu chifukwa chosungira lililonse la gulu lachitatu.

3. Konzani phunziro la kumva la mphindi 30 la Sitandade 4 logwiritsa ntchito mau ojambula. Onetsani chimene mudzachite sipika ikakana kulira.

4. M'magulu a anthu asanu kambiranani: kholo lakupemphani kuti muzitumiza malikisi a kalasi lonse m'gulu la makolo la WhatsApp. Mudzaliyankha chiyani, ndipo chifukwa ninji?

MAU OTSIRIZA

Khasu labwino ndi limene likuyenera dzanja la mlimi ndi nthaka ya munda wake. Chimodzimodzinso foni yabwino kwa mphunzitsi wa ku Mulanje ndi imene imasunga moto m'chiperoni, imagwira netiweki kumene iye ali, imakonzeka pamsika wapafupi, ndipo siimusiya m'ngongole. Mitundu imene tatchula pano idzatha ndipo kudzabwera ina, koma mafunso anayi aja mudzawafunsabe. Pamwamba pa onsewo onjezani lachisanu, limene mudzifunse nthawi iliyonse mukatulutsa foni pamaso pa ana: kodi mwana wokhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi apindulapo chiyani? Ngati yankho palibe, bwezerani foniyo m'thumba ndi kutenga choko.